Thanki Yopanda Nsomba

Gordon Halvorsen sankadutsa chikwangwani osachiwerenga mokweza. Kaya cha pamsewu, kaya cha pachitseko cha chimbudzi, iye ankaima, kutsokomola pang'ono, n'kuyendetsa chala pansi pa mawuwo limodzilimodzi ngati akusankha nyemba. Mkazi wake Rhonda anasiya kalekale kuchita nazo manyazi. Ankangoima pambali atanyamula majekete.

Loweruka lililonse banjali linali ndi ulendo. Mumzinda wa Duluth chisanu chimakhalitsa, ndipo malo ofunda opitako ndi mwana ndi owerengeka: nyumba ya sitima zakale, laibulale, ndi nyumba yoonetsera nsomba, komwe Gordon anadula khadi ya chaka chonse. Ankati mwana saphunzira atakhala pampando. Marnie, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Pa thanki iliyonse ankaika kachala pachikwangwani n'kunena zonse osapunthwa, mpaka anthu ankatembenuka.

"Mwamumva pulofesa wangayu?" Gordon ankafunsa aliyense amene wayandikira.

Koma m'chikwama cha Rhonda munali kalata ya Mayi Pruitt, mphunzitsi wa Marnie. Inkati mwanayo zilembo sakuzigwira, ndipo sukulu ikufuna kumuyesa Lachiwiri kuti ayambe kuthandizidwa payekha. Pankangofunika kuti kholo lisaine. Gordon anati mayiyo ndi waulesi, akufuna kukankhira mwana kwa ena. Rhonda sanatsutse. Nayenso ankafuna kuti zikhale choncho.

Loweruka limenelo anafika pa thanki yaikulu ya pansi, momwe munkakhala chinsomba chandevu chimene Marnie ankachikonda. Mwanayo anathamangira patsogolo, naima pamalo ake a nthawi zonse.

"Nsomba iyi imatha kukhala zaka zoposa zana limodzi," anayamba ndi mawu okwera, kachala kakuyenda. "Ilibe mano. Imafufuza chakudya pansi pa nyanja ndi ndevu zake zinayi."

Rhonda anayang'ana thankiyo. Munalibe madzi. Munali makwerero ndi chidebe. Chikwangwani chakale anali atachichotsa, ndipo chatsopanocho chinali ndi mizere iwiri yokha: thanki ikukonzedwa, nsomba zasamutsidwira m'mwamba. Kachala ka Marnie kanafika kumapeto kwa mzere wachiwiri, kanabwerera poyambira, iye akupitirizabe. Ngakhale kutsokomola kwa bambo ake kunali m'menemo.

Mayi wina wokalamba, wovala malaya a ogwira ntchito pamalopo, anamwetulira mwachisoni. Gordon anaseka mopitirira muyezo.

"Akuchita nthabwala uyu! Eti Marnie, ukunyenga adadi?"

Mwanayo anayang'ana bambo ake, kenako mayi ake, kufuna kudziwa yankho loyenera. "Eee," anatero.

Pamalo odyera, Gordon atapita kukagula masoseji, Rhonda anatenga kapepala kopukutira pakamwa n'kulembapo mawu afupi akuti galu, chiweto chimene anali nacho kunyumba.

"Tawerenga apa, mwanawe."

Marnie sanayang'ane pepalalo. Anayang'ana milomo ya mayi ake, kudikira kuti igwedere. Rhonda anaitseka zolimba.

"Yambani inu kaye, amama," anatero mwanayo chapansipansi. "Kenako ine."

"Ukuona chilembo chanji choyamba?"

"Zimayendayenda." Anapinda kapepalako n'kukabisa pansi pa mbale. "Musawauze adadi."

Pobwerera Marnie anagona pampando wakumbuyo wa galimoto. Chipale chofewa chinali chitayamba kugwa. Rhonda anadikira mpaka atadutsa mlatho.

"Gordon, mwanayu sawerenga. Wangoloweza mawu ako."

"Kuloweza si nzeru? Ndi angati m'kalasi mwake angachite zimenezo?"

"Sindikunena kuti ndi mbuli. Ndikuti sawerenga. Ndisaina kalata ija."

"Usayerekeze." Anagwira chiwongolero ndi manja onse. "Ukudziwa chimene chimatsatira? Amabwera kudzakutenga pakati pa phunziro, anzako onse akuona. Ine ndinakwera kabasi kakafupi kaja ka ana ovutika kuphunzira zaka zinayi, Rhonda. Mpaka lero kuntchito kuli munthu amanditchulabe dzina la nthawi imeneyo."

"Koma unaphunzira kuwerenga."

"Ndinadziphunzitsa ndekha! Pa zikwangwani!"

"Unali ndi zaka zingati?"

Rhonda ankalidziwa kale yankho: khumi ndi zisanu.

Atafika kunyumba, mwamunayo anatulutsa mapepala ena m'kabati ya zida. Anali atawadzaza kale, ndi zilembo zake zikuluzikulu zopendama. Anali odziwitsa a zamaphunziro kuti Marnie achoka pasukulu, aziphunzira pakhomo.

"Lolemba ndikukapereka," anatero. "Ndizimuphunzitsa ndekha. Ulendo katatu pamlungu. Kuli mgodi wakale uja sitinapiteko, kuli nyumba yoonetsera nyenyezi. Pofika chilimwe adzakhala akuwaposa onse."

"Iwe umagwira ntchito, ine ndimagwira ntchito. Uzimuphunzitsa nthawi yanji, aphunzitsi?"

"Mayi anga azikhala naye masana."

"Mayi ako azimuonetsa TV."

"Mwana wanga sachita manyazi amene ndinachita ine. Nkhani yatha."

Gordon sanali munthu wankhanza. Rhonda akanakonda akanakhala wotero, zikanaphweka. Madzulo amenewo Gordon anakhazika Marnie pamiyendo n'kumuwerengera buku la sitima, mwanayo akubwereza pambuyo pake, onse awiri akusangalala.

Lamlungu m'mawa chipale chinali chitafika m'mawondo, ndipo Gordon anaitanidwa kukayendetsa galimoto yochichotsa m'misewu. Rhonda anaima pawindo mpaka mwamunayo atakhota pakona. Kenako anaimbira mkulu wake Dee, amene ankakhala misewu iwiri kuchokera kusukulu.

"Chipinda chija chikadali chodzaza ndi makatoni?"

"Wakumenya?"

"Ayi. Akufuna kumuchotsa sukulu."

"Ndinakuuza ine kuti m'busa wa zikwangwaniyo adzakuvuta. Bwerani. Koma galu musiye, ndili ndi kapeti yatsopano."

Rhonda anasaina kalata ya Mayi Pruitt ataimirira. Sankadziwa ngati Gordon angamukhululukire, ndipo sanafune kudzinamiza kuti ndi za masiku awiri okha. Anatsitsa chikwama chachikulu chabuluu pamwamba pa wadirobu. Anaikamo zovala za Marnie za mlungu wonse, mayunifolomu ake awiri a kuntchito kwake kuchipatala cha mano, mankhwala a chifuwa ndi nsapato zovala m'chisanu.

Marnie anaima pakhomo la chipinda atavala sokosi imodzi.

"Tikupita ulendo? Lero si Loweruka."

"Tikupita kwa anti Dee."

"Adadi abwera?"

"Sindikudziwa. Kapeze sokosi inayo."

Zipi inakakamira pakona. Rhonda anakanikiza chikwamacho ndi bondo, n'kukoka zipiyo mpaka inatseka, nachiimika pafupi ndi chitseko.