Timadontho ta M'manja mwa Mkwati

"Tambasula dzanja, mkwati iwe! Wafumbata chiyani, golide?"

Anali azakhali anga amenewo, mbale ya utoto wa mehndi ili m'manja, ng'oma ikugunda pabwalo pathu ku Multan, m'dziko la Pakistan. Kunali kutatsala masiku atatu kuti ndikwatire Nimra. Anandiika tsamba pachikhatho monga mwa mwambo, kuti amayi a pabanja azipakapo utotowo mmodzimmodzi. Palibe amene analikonda tsambalo kuposa ine, chifukwa linkabisa timadontho tofiirira tomwe tinandituluka m'manja sabata imeneyo.

Azakhali anapaka. Amayi anapaka akugwetsa misozi. Kenako anafika alamu anga a Rukhsana, akazi a achimwene, omwe anali namwino, munthu wa maso osadutsa kanthu. Anasuntha tsamba lija ndi chala, n'kutembenuzanso dzanja langa linalo. Kumwetulira sanasiye, koma anandifinya mkono mpaka ndinamva kuwawa.

"Unditsatire kukhitchini," ananong'ona.

Atatseka chitseko, kumwetulira kuja kunatheratu.

"Zayamba liti izi?"

"N'kutentha kwa m'thupi chabe, alamu. Asing'anga anati ndisiye mazira ndi mango."

"Asing'anga ake ati? Aja amalemba manambala awo m'makoma a zimbudzi? Usandipusitse, Tanveer. Kunali chilonda kumusi uko?"

Ndinazyolika. Ku Karachi, komwe ndinkawotcherera zitsulo, anzanga ankandiseka kuti mwamuna salowa m'banja asanaphunzire ntchito yake. Ndinapita nawo kwa akazi oyendayenda kumene ankapitako, osati kamodzi ayi, ndipo komaliza kunali kunditsanzika milungu itatu yapitayo. Kachilonda kanatuluka kalekale, kosapweteka n'komwe. Sing'anga anandipatsa ufa wonyambita ndi uchi, kachilonda n'kupola. Uchitsiru wanga, ndinakamuthokoza ndi bokosi la maswiti.

"Chindoko chimatero," anatero alamu. "Chilonda chimapola chokha, matenda n'kutsalira m'magazi. Ndipo pomwe chadutsa chindoko, kachilombo ka HIV sikavutika kulowa."

Panja amayi ankaimba dzina langa.

M'mawa mwake ine ndi alamu tinanamizira kukatenga nsapato za ukwati, n'kupita kukayezetsa magazi. Pa benchi ya chipatala ndinkangoyang'ana chitseko, kuopa kulowa munthu wondidziwa. Dokotala atandiitana sanazungulire: chinalidi chindoko, ndipo jakisoni anandibaya pomwepo.

"Kachilombo sitinakapeze lero," anatero. "Koma masiku ndi ochepa, katha kukhala kasanaoneke. Udzabwerenso ikatha milungu isanu ndi umodzi. Kufikira tsikulo, usayandikire mkazi."

"Ukwati ndi mkuja, adokotala."

Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Tinaima pa mthunzi kunja kwa mpanda, njinga zamoto zikutithira fumbi. Ndinali ndi mantha omwe sindinawamvepo chibadwire.

"Alamu, chonde, zithere pompano. Bambo ake a Nimra akamva, ukwati watha. Nanga ababa awaonetsa nkhope yanji anthu?"

"Ine sindiuza munthu, si nkhani yanga. Koma usiku wa mkuja akakutsekerani m'chipinda awiriwiri, udzamuuza chiyani mwana wa eni? Kuti mutu ukupweteka milungu isanu ndi umodzi?"

Ndinatulutsa foni. Ndinapeza dzina la Nimra n'kumuimbira. Kwathu mkwati salankhula ndi mkwatibwi masiku amenewa, choncho atayankha, atsikana anzake anakuwa ndi chiphwete kumbuyo kwake.

"Iwe, sukudziwa kuti n'zoletsedwa?" anatero Nimra akuseka. "Walephera kupirira masiku awiri okha?"

"Nimra, pita poti palibe anthu."

Ndinamva zibangili zake zikulira pamene ankayenda. Chitseko chinatsekeka, ndipo phokoso la atsikana lija linazilala. Kuseka kunali kutamuthera, ndinkangomva kupuma kwake.

"Ndili ndekha," anatero. "Nena."