Malaya a Adalaivala

Lolemba m'mawa chimbudzi chinatsekeka kachitatu. Ulendo uno zonyansa sizinathere m'bafa. Zinadutsa pansi pa chitseko mpaka kunyowetsa matiresi amene Adalaivala ankagonapo chidwalireni sitiroko miyezi isanu yapitayo. Iwo anangowayang'ana madziwo akubwera, kuthawa osatheka. Akazi awo anachita kuwakoka m'khwapa, misozi ili mbwembwembwe.

Wokonza mapaipi anavuula chimulu cha mapepala chachikulu ngati mutu wa munthu.

"Mayi, awatu si mapepala a m'chimbudzi, ndi opukutira. Sasungunuka, ngakhale mutawanyika chaka."

Eni nyumba anali pakhomo atagwira pamphuno. "Chisoni ndamva chokwanira. Chikatsekekanso, mukafune kwina."

Kwina kuti? Ndani angalandire munthu wobwera ndi wodwala kumsana?

Musawaone ngati mayi osasamala. Adalaivala dovu linkangotuluka osadziwa, phala linkatayikira pachifuwa, zinazo ndisatchule. Mpukutu wa mapepala sunkatha masiku awiri. Mayiwo akawataya m'bini ya panja, agalu ankamwaza bwalo lonse, anthu n'kumaona zamanyazi za amuna awo. N'chifukwa chake ankangoponya m'chimbudzi n'kugejemula.

Lachitatu kunabwera namwino woyendera odwala m'makomo. Anapeza matiresi ali padzuwa, wodwala atagona pamakatoni. Atamva nkhani yonse anati, "Mapepalawa asiyeni, mayi. Tisoke tinsalu topukutira tochapa. Muli ndi zovala zakale zathonje? N'zimene zimamwa madzi bwino."

"Zakale zonse zinatha kalekale, anamwino."

Koma kabati inali yotsekula. M'katimo munapachikidwa malaya a yunifolomu asanu ndi limodzi, atatu abuluu, atatu oyera. Mayiwo ankawasita Lamlungu lililonse, ngakhale kuti wowavala panalibe.

"Amenewo ayi!" anatero asanafunsidwe n'komwe. "Ndi a kuntchito. Akachira adzavala chiyani?"

Namwino anatembenukira kwa wodwala.

Kenaka Adalaivala anamenya pansi ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene linkagwira ntchito. Analoza kabati. Pakamwa panalimbana nthawi yaitali kuti patuluke mawu amodzi.

"Du... dulani."

"Bambo, mukuti chiyani?"

"Dulani."

Basi sadzayendetsanso. Iwo ankadziwa, akazi awonso ankadziwa, koma palibe amene anali atanenapo. Mayiwo anakhala pansi n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale kuchipatala. Namwino anawasiya alire. Atatonthola, anawapatsa sizasi.

"Mabatani ndi kolala chotsani, zingawakande. Dulani zidutswa zazikulu ngati manja awiri otambasula. Phatikizani ziwiriziwiri, musoke m'mphepete kuti zisamasosoke. Singano ndi ulusi n'zokwanira."

"Nanga sizifalitsa matenda?"

"Zingafalitse mukazisakaniza. Zoyera zikhale za kukhitchini basi. Zabuluu za bambo, koma za kumaso muzisokere ulusi wofiira pakona, zisakumane ndi za kumusi. Kansalu kakagwira ntchito kamodzi, kalowe m'ndowa yakeyake yovindikira, ya madzi a sopo. Chapani tsiku lililonse ndi madzi otentha, yanikani padzuwa mpaka ziume gwa. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo."

Malaya asanu ndi limodzi anatulutsa tinsalu makumi awiri ndi tinayi. M'kabati munatsala mahang'ala okha.

Papita miyezi itatu tsopano. Chimbudzi sichinatsekekenso, ndipo eni nyumba akadutsa amangopereka moni. Sindikunamizani kuti Adalaivala anachira. Sanachire. Kuchapa nako n'kowawa, manja a mayi aja anachita kukhakhala. Koma banjali likadali m'nyumba mwake, ndipo agalu alibenso chomwaza.

Pali kansalu kamodzi kamene kanatsala ndi thumba la pachifuwa, lija ankaikamo cholembera. Kameneko Adalaivala salola kuti wina awagwirire. Amakafumbata m'dzanja lamanzere, ndipo dovu likatuluka amadzipukuta okha.

Mapepala opukutira musawaponye m'chimbudzi, sasungunuka. Sokani tinsalu kuchokera ku zovala zathonje zimene simukuvalanso, musiyanitse ntchito zake, muzichapa ndi kuyanika padzuwa. Malaya aja anakhala miyezi isanu m'kabati kudikira ntchito imene sidzabweranso. Lero akutumikira mwini wake tsiku lililonse.