Kamita Kanagona M'chikwama

Anthu amandifunsa kuti ndimavutikiranji ndi kamita koyezera kuwala, poti kamera ili ndi kake m'kati. Ndimati kafunseni mlamu wanga.

Mkazi ameneyu anandiputa asanalowe n'komwe m'banja mwathu. Mwana wanga wamkazi anayesa diresi la owaza maluwa pa ukwati, n'kumazungulira nalo pabalaza mano onse ali panja. Mlamu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Alamu, musakhumudwe," anatero kwa ine, "koma mwanayu ndi wakuda kwambiri. Atiwonongera zithunzi."

Mwana anamva. Mawa lake ndinamupeza m'bafa akudzikhula ndi mwala mpaka khungu kusupuka. Mtima wanga unawira. Chikhalirecho kuyera kwa mlamuyo n'kwa m'botolo, zigongono zimamuulula.

Ndiye mchimwene wanga, mkwatiyo, akuti, "Achemwali, zithunzi za ukwati mutijambula ndinu." Ndinavomera uku ndikumwetulira.

Tsikulo tinapita kupaki dzuwa likuswa mtengo. Kamera ndi yopusa: ikaona diresi loyera mbee ndi thambo lowala kumbuyo, imaganiza kuti kuwala kwachuluka, imachepetsa, nkhope n'kuda bii. N'chifukwa chake ndimaika kamita pansi pa chibwano cha munthu, kuti kayeze kuwala kofika pankhope osati kwa nsalu. Koma tsiku limenelo kamita kanagona m'chikwama. Mkwatibwi ndinamuimika dzuwa lili kumsana, kamera n'kuisiya idziganizire yokha.

"Ndikuoneka bwanji?" anafunsa.

"Mmene Mulungu anakulengerani, alamu."

Atapempha kuti aone, ndinati batire latsala pang'ono kutha. Kamita ndinakatulutsa pojambula mwana wanga yekha, atakhala pa benchi ndi diresi lake lakale, poti mlamu anali atamuchotsa pa owaza maluwa.

Zithunzi nditatsuka ndinapita nazo kwawo ndi mwana, chifukwa ndinkafuna aone ndi maso ake. Mlamu anaziyala patebulo. Diresi linatuluka bwino, ulusi uliwonse ukuoneka. Nkhope ayi.

"Ndani uyu? Ndada ngati..." Anadukiza, kenako misozi mbwembwembwe.

Ndisaname, ndinakondwa. Ndinakhala pampando wake wa sofa n'kupinda mwendo kuti ndionerere bwino.

Mwana anatola chithunzi chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa.

"Anti, apatu mwakongola. Mwafanana ndi ine."

Mlamu analira mowonjeza. Mwana anatembenukira kwa ine.

"Amayi, anti akulira chifukwa afanana ndi ine?"

Mwendo uja ndinautsitsa. Ndinapisa m'chikwama mofulumira n'kutulutsa chithunzi chake cha pa benchi, choyezedwa bwino, masaya akuwala ngati mphika watsopano.

"Taona iwe apa," ndinatero.

Anachilandira, koma sanachiyang'ane. Maso ake anali pa anti ake, chala chikukanda pa chipsera cha mwala uja.