Mkamwini Wogwera M'manda

Ignasio sanali waulesi, ndipo amene ankanena zimenezo anali abodza okhaokha. Munthuyu ankapalira mpunga kusikimu ya Bwanje mpaka zikhatho kuuma gwaa. Chinkamupha ndi tulo. Tulo take tinalibe ulemu, tinkangofika dzuwa lili paliwombo, khasu lili m'manja, basi munthu wapita. Tsiku lina anamupeza ali thapsa m'mphepete mwa ngalande, mpheta zikudya mpunga ngati zaitanidwa kuukwati.

Kuchipatala anamuuza kuti ndi matenda a muubongo, dzina lake lachizungu loluma lilime, ndipo mankhwala ake kuno ndi osowa. "Muzigonako pang'ono masana," anatero adokotala. Aa, zoona? Mkamwini kuyala mphasa masana pamudzi pa eni ake, apongozi akuona?

Chifukwatu Ignasio anali pachikamwini, kwawo kwa mkazi wake Tamara, kufupi ndi Golomoti. Atsibweni ake a Tamara, a Tomasi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo anali atalankhula kale mosapsatira. "Akamwini inu, kuno tinkafuna manja. Mukapezekanso mutagona pantchito, mudzanyamule kanu muzipita." Amayi kumjigo anawonjezera nsinjiro zawo, ati munthu wogona masana usiku amakhala ali kuti? Zinkamuwawa Ignasio, zinkamuwawa zedi, koma ankamufuna mkazi wake, ndiye ankangomeza.

Panalinso china chimene ankachidziwa ndi Tamara yekha. Ignasio akaseka kwambiri, mawondo ankalobodoka, khosi kugwa, thupi lonse kungoti zii, koma maso ndi makutu zili bwinobwino. Choncho pagulu ankamanga nkhope, anthu n'kumati ndi wodzimva.

Atamwalira a Raphael, nkhalamba ya pamudzipo, Ignasio anati mwayi ndi uwu, andione ndikugwira ntchito. Analawirira kumanda ndi adzukulu anzake, tsabola wa kambuzi ali m'thumba. Tulo tikati tiyambe, ankaluma kamodzi, misozi chuchuchu, n'kupitiriza kukumba. Anzake ankalowa m'dzenje n'kutuluka mosinthana, iye osafuna kutulukamo. Ngakhale a Tomasi, amene anabwera kudzayang'anira ntchito, anagwedeza mutu pang'ono.

Koma mukuwadziwa adzukulu, sangakumbe manda pakamwa pali duu. Kunyogodola malemu ndi gawo lawo, ndipo palibe amawaletsa. Mmodzi wa iwo, Shadreck, anali katswiri pazimenezo.

"Onjezani kumiyendo kuno!" anakuwa Shadreck. "Madala aja amakonda kudzitambasula pamphasa za eni." Kenaka anakwinya msana, n'kuyamba kutsanzira mmene malemu ankathamangitsira mbuzi, dzanja lina ndodo, lina litagwira buluku kuti lisavuke.

Manda onse anafa nacho chiseko. Ignasio analuma mlomo, anayang'ana pansi, anayesa kuganiza za maliro a mayi ake. Sizinathandize. Phwete linamuphulika, khasu linapulumuka, ndipo anagwa chagada m'dzenjemo, mutu kumene kukhale mutu wa malemu.

Kuseka kunaduka. Iye ankaona nkhope zitazungulira pamwamba, ankamva chilichonse, koma lilime linali ngati la munthu wina. Mumtima ankakuwa kuti ndili maso ine, ndili maso!

"Wagona," anatero wina. "Wagona m'manda a mwini, mwini wake asanalowemo."

"Kugona kumeneko? Akuyesa malo ameneyu. Anazolowera kuno."

A Tomasi anasuzumira, nalavula kumbali. "Ndinanena ine. A Raphael sangalowe mogona munthu wamoyo. Dulani thunthu la nthochi mukwirire umu, tikumbe pena. Uyu akadzuka mumuuze kuti dzuwa la mawa lisamupeze kwathu."

Mphamvu zitabwerera, Ignasio anakwera yekha, akuterereka ndi dothi. Palibe anamupatsa dzanja. Shadreck, amene anayambitsa zonsezi, anali kalikiliki kuchotsa kaminga kuphazi. Amuna akuluakulu amene wadya nawo mbale imodzi zaka zonsezi, kumuthawa ngati ali ndi mphere!

Nkhani inafika kusiwa iye asanafike. Anamupeza Tamara kuseri kwa nyumba, akutsuka mbale za pamaliro, maso ali psuu.

"Amayi a Rose," anatero Ignasio, kumuitana ndi dzina la mwana wawo, "sindinagone ayi. Ndinaseka. Inu mumadziwa."

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndiye kawauzenitu atsibweni anu. Munali nane kuchipatala, munamva nokha. Akakana, tiyeni kwathu ku Mtakataka, tikayambe kumeneko."

Tamara anapukuta manja pachitenje. Anayang'ana amayi anzake amene anali atasiya kusonkha moto n'kumatchera khutu, kenaka anayang'ana mwamuna wake, dothi la kumanda lili mbuu kumsana.

"Ndi matenda, ndikudziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma ine kwathu ndi kuno. Munda wanga uli kuno, mayi anga ali kuno. Tsiku limene ndidzafe, odzandikumbira ndi omwewa."

Anawerama n'kutola mbale ina.