Phungu Wopeza Ziro

Kunyumba ankamutchula Kawerenga, chifukwa ali mwana ankawerenga chilichonse: masitepe, timabowo ta sefa, ngakhale maulendo amene abusa anena kuti "pomaliza". Tsopano anali pa digiri yachiwiri, ndipo ankawerenga aphungu.

Funso la kafukufuku wake linkaoneka lophweka: lamulo likadutsa m'nyumba ya malamulo, phungu aliyense waikapo chiyani? Njira anamuphunzitsa ndi Pulofesa. Phungu akayankhula, malikisi amodzi. Akabweretsa ganizo losintha ndime ya bilu, atatu. Ganizolo likalowa m'lamulo, khumi. Chaka ndi theka Kawerenga anakhala m'chipinda cha pansi pa laibulale akufunyulula mabuku a zokambirana za aphungu, mpaka mndandanda unatuluka.

Pamwamba panali phungu wa mbali ya boma yemwe anzake ankamutcha Wailesi. Pansi penipeni panali mdala wina wa chipani chotsutsa, wopeza ziro. Pa zaka zisanu mabuku anamulemba kamodzi kokha, akupempha kuti atsegule zenera. Kawerenga anataya tsiku lathunthu akulingalira ngati zenera liyenera malikisi.

Pepala la kafukufukuyo linayenera kuperekedwa Lachisanu. Kuphonya tsikulo kunali kudikira chaka china. Nyuzipepala ina nayo inali itapempha kale mndandandawo, poti chisankho chinali pafupi.

Lachiwiri anapita kukadzitama kwa azakhali ake, omwe anataipa m'makomiti a nyumba ya malamulo zaka makumi awiri asanapume. Anawapeza akusita. Azakhaliwo anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mndandanda kuchokera pansi, monga ankachitira ndi zotsatira za mayeso a ana. Kenako anaimika simbi.

"Ziro? Mdala wa inki yobiriwira uja?"

Anamufotokozera kuti m'komiti mdalayo ankakhala kumapeto kwa tebulo, akulemba m'mphepete mwa bilu ndi cholembera chobiriwira. Akamaliza ankakopera mawuwo pa kapepala n'kupatsira phungu wa mbali ya boma, chifukwa ganizo lochokera kwa otsutsa linkakanidwa asanamalize n'kuliwerenga komwe. Timapepala tambiri tinkathera m'thumba la jekete la Wailesi. Otaipa onse ankamudziwa mdalayo ndi zilembo zake zopendekera kumanzere ngati anthu othawa mphepo.

"Iwe wawerenga pakamwa pokha, mwana wa achimwene," anatero azakhali akutembenuza kolala.

Kawerenga anayankha kuti nkhani za pa tebulo lositira sizilowa m'kafukufuku. Azakhali anati ndiye apite akaone mabokosi a makomiti, ngati chiswe chinasiyako.

Lachitatu anawapeza m'nyumba yosungira zikalata, mabokosi 60 omangidwa ndi zingwe. Anasankha lamulo limodzi, loletsa eni nyumba kutulutsa anthu a lendi popanda chenjezo. Ndime ya chenjezoyo inali m'mphepete mwa bilu, mawu onse osasowa ngakhale limodzi, mu inki yobiriwira, popanda dzina. M'buku la zokambirana mawu omwewo anali m'kamwa mwa Wailesi, pamodzi ndi malikisi amene Kawerenga anam'patsa ndi dzanja lake. Anatsegula bokosi lachiwiri, kenako lachitatu. Kobiriwira kokhakokha. Moyo wake wonse ankakonda funso lovuta likamasuka, koma ili linamasukira mbali yolakwika.

Lachinayi Pulofesa anamvetsera akusewera ndi stepula. Anati njira ilibe vuto, oyesa aivomereza, ndipo inki si dzina. Angolembapo ndime imodzi m'gawo la zofooka za kafukufuku, apereke pepala, avale gauni.

"Koma gawo limenelo palibe amaliwerenga, Pulofesa."

"N'chifukwa chake timaliika kumapeto."

Anaseka onse awiri, Kawerenga pang'ono chabe. Ankadziwa kuti mtolankhani adzatsegula tsamba la mndandanda lokha, n'kuyambira pansi ngati azakhali. Ankadziwanso kuti mdalayo sadzadziteteza. Munthu wogawa mawu ake zaka zisanu sangayambe kuwalanda lero. Pulofesa, ataona kuti sakunyamuka, anamuuza modekha kuti chaka ndi chachitali, ndipo mwina pamapeto pake sadzapeza nambala yoyenera inki. Kawerenga anavomera kuti mwinadi.

Lachisanu m'mawa anaima pamzere wa ofesi ya alembi, pakati pa anzake onyamula mapepala omata bwino. Iye anapempha fomu yowonjezera chaka. Malo olembapo chifukwa anali ochepa ngati bokosi la machesi, choncho anangolemba kuti: mabokosi 57 otsala.

Atatuluka anaimbira azakhali, kufunsa ngati maso awo angazindikirebe zilembo zopendekera zija. Azakhali anati angazindikire ngakhale opanda magalasi, koma ayambe wawauza kuti wotaipa amapeza malikisi angati.