Khoma Loyera la ba Felistus

Ku komboni ya Kanyama nyumba iliyonse imavala lamba. Mvula ikatha, madzi amasiya mzere wa matope pakhoma, pena m'mawondo, pena m'chiuno, ndipo anthu anauzolowera ngati chipsera. Koma osati ba Felistus, ayi ndithu! Mayi ameneyu ukhondo unamulowa m'magazi. Madzi akangophwa ankagula laimu, n'kupaka khoma mkati ndi kunja mpaka liyere mbee. "Umphawi si uve," ankatero, aneba n'kumaseka kuti nyumbayo ikudikira mkwati.

M'nyumbamo munali amuna awo, ba Webster, amene sitiroko inawagwetsa ali pa ntchito yophwanya miyala. Kuyenda sankayenda. Chaka chathachi madzi analowa mpaka kunyowetsa matiresi iwo ali chigonere, ba Felistus n'kuchita kuwakoka ndi bulangete kukawakhazika patebulo. Kuyambira tsiku limenelo mtima wa mayiyu unali pa chinthu chimodzi: kuwachotsa amunawo m'madzimo dzinja lina lisanafike.

Ndiye mu Okutobala kunabwera anthu oyeza malo ochokera m'tauni, wowatsogolera ali mayi wina dzina lake ba Chilufya. Anasonkhanitsa anthu pampopi n'kuwamasulira mawu a m'malamulo atsopano. Pali "njira ya madzi", pamene chigumula chimadutsa ndi mphamvu. Nyumba za pamenepo zigwetsedwa, eni ake apatsidwa mapuloti kumtunda. Pali "m'mphepete", pamene madzi amangonyambita. A pamenepo atsala. Chosiyanitsa ziwirizi ndi "msinkhu wa chigumula", ndipo poti komboni inalibe mapu odalirika, msinkhuwo ankauyeza pamzere wa pakhoma.

Ba Felistus anacheukira khoma lawo loyera mbee lija.

Kwa ba Elina, neba wawo wapafupi, mzere unafika m'chiuno. Oyeza malo aja anajambula pachitseko mtanda wofiira wosonyeza kuti nyumbayo igwetsedwa, ba Elina n'kululutira. Kenako ba Chilufya anazungulira nyumba yoyera ija, tepi ili m'manja.

"Amai, apa mzere palibe."

"Ninapaka laimu!" anatero ba Felistus, akudzigwira m'chiuno. "Manzi yanafika apa. Funsani ba Elina. Manzi yangalowe kwao n'kulumpha kwanga?"

"Namvela, amai, koma bonse bakamba chimodzimodzi. Kuseli uku tapeza ena bajambula mzere na matope. Ise titsatila vamene taona."

Ba Felistus anathamangira mpeni n'kuyamba kupala khoma, laimu akuwagwera m'maso. Kalanga ine! Mayiyu sankangopaka ngati aulesi. Ankayamba wakwecha ndi burashi ya waya mpaka matope onse achoke. Pansi pa laimu panatuluka buloko loyera bwino, lopanda banga. Anapala pena, anapalanso pena. Ba Elina, amene analulutira aja, anangogwira pakamwa.

"M'mphepete," anatero ba Chilufya. Chisoni anali nacho, osanama, poti anasuzumira m'nyumba n'kuwaona ba Webster. "Mvula ikabwela, musapakenso. Tizabwela kuyeza futi."

Imvani zimenezo! Kuti munthu akhulupiriridwe kuti amamira, ayambe wamiranso.

Mwezi wotsatira thirakitala inagwetsa nyumba za mitanda, aneba n'kukwera malole ndi katundu wawo. Nyumba ya ba Felistus inatsala yokha pakati pa zigumukire ngati dzino la nkhalamba. Makoma amene ankatchingako madzi kumtunda kwake onse anali pansi. Woitana pakagwa zoopsa panalibe.

Tsiku lina masana, mu Disembala, kumwamba kunada bii. Ba Felistus anapita pabwinja la ba Elina kukatuta mabuloko pamutu. Anakweza bedi pamabulokowo mwendo umodziumodzi, akutukula ndi msana, ba Webster akubuula pamwamba. Pomaliza bamboyo anali pafupi ndi malata moti mvula itayamba phokoso linkawagonthetsa m'khutu.

"Felistus," anatero ndi pakamwa pawo popotoka. "Manzi yakalowa, usanikoke futi. Uthawe."

"Khalani chete, atate. Mufuna bantu bakambe chani?"

Madzi analowa pansi pa chitseko, akuda, onunkha za m'zimbudzi. Madziwo anatenga mapatapata, anatenga ndowa. Ba Felistus anakwera pabedi, nagwira dzanja lopuwala la amuna awo. Anayamba kupemphera mokweza kuti madziwo akwere mpaka m'chiuno, koma, chonde Ambuye, alekere pomwepo.