Nkhope ya pa Chiphaso

Anzake pabwalo la ndege ankamutcha Mluzu, chifukwa akamakoka ngolo za katundu ndi kathirakitala kake, nyimbo sinkachoka pamilomo. Kenako anadwala sitiroko. Manja ndi miyendo zinachira, koma tsaya lakumanzere linagwa, mlomo n'kupotokera pansi, diso limodzi osatsinzina bwino.

Atabwerera kuntchito, anapeza zinthu zitasintha pageti la antchito. Akuluakulu achitetezo anali atakhazikitsa lamulo loti aliyense aziika chiphaso cha unzika pamakina, n'kuyang'ana kamera. Nkhope ikafanana ndi chithunzi, chitseko chinkatseguka chokha. Mlonda wa pagetipo anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake.

"Alamu, mwafika! Ikani apa, muyang'ane kagalasi aka."

Kanyali ka pamakinapo kanayaka kofiira. Anayesanso. Kofiira.

"Tapukutani kumaso, mwina ndi thukuta," anatero mlondayo.

Kumbuyo mzere unali ukukula. Mayi wina wosesa anakuwa, "Mluzu, tasekerera, makinawa amakonda anthu ansangala!" Mluzu atatembenuka, mayiyo anaona nkhope ija, n'kuyamba kufunafuna chinachake m'chikwama mwake.

"Ndine ndemwe, alamu," anatero Mluzu, mawu akutuluka molemera.

"Ndingakuiwaleni ine, amene ndinkakusambitsani kuchipatala? Koma ndikakutsegulirani ndi dzanja, mawa tonse tikhala pakhomo. Mukajambulitse chithunzi china."

Mluzu anagwedeza mutu, n'kupatuka. Anadikira kuti mwina mtima uwawa, kapena manyazi amugwira, koma panalibe chimene chinabwera. Anangoima pambali n'kumaonerera anzake akulowa mmodzimmodzi.

Ku ofesi ya ziphaso anapita ndi mwana wake wamkazi. Anakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Nthawi yake itakwana, mtsikana wojambula anamukhazika kutsogolo kwa nsalu yoyera, maso ake ali pakompyuta.

"Bambo, wongolani pakamwa. Chithunzi cha chiphaso sitichita nacho masewera."

"Ndi mmene alili," anayankha mwana wake.

Mtsikanayo anadzutsa mutu, n'kumuyang'ana bwinobwino. "Pepani bambo," anatero chapansipansi, n'kujambula. "Chikatuluka tikuuzani."

Masabata anapita. Mluzu ankadzuka m'mawa, kusamba, kukhala pampando wapakhonde. Ndege zikamadutsa pamwamba sankayang'ana n'komwe. Mkazi wake akamufotokozera nkhani za kumsika, iye ankangoti, "Eya." Akamufunsa ngati akumva kupweteka, ankati, "Ayi," ndipo sikunali kunama.

Chiphaso chatsopano chitatuluka, anachiyang'ana nthawi yaitali. Dzina linali lake, tsiku lobadwa lake. Bambo wa pachithunzipo ankaoneka ngati wina wamulankhula zoipa ndipo akusowa choyankha.

"Mwatuluka bwinotu," anatero mkazi wake. Analowa kukhitchini, n'kukhalitsako, madzi akungotayika pampopi.

Mawa lake pageti kanyali kanayaka kobiriwira, chitseko n'kutseguka.

"Eyaa! Lero makina akudziwani chibale!" anaseka mlamu wake, akumusisita paphewa.

Mkati, kapitawo anamuitanira mu ofesi mwake. Anamuuza kuti thirakitala anapatsa munthu wina, komanso ndi diso limenelo sangamulole kuyendetsa pafupi ndi ndege.

"Muzitolera matilole onyamulira zikwama amene apaulendo amasiya panja. Ntchito yopepuka, bambo. Mwaona bwanji?"

"Chabwino," anatero Mluzu.

"Palibe chofunsa?"

"Palibe."

Anamupatsa chovala chonyezimira chachikulu kuposa thupi lake. Mluzu anatuluka kukafika poimika magalimoto, pamene matilole anali mbwee, ena atagwera m'ngalande. Anawadzutsa, kuwalowetsana, n'kumawakankha kubwerera nawo pakhomo lolowera. Limodzi linali ndi tayala lokhota, linkangokokera kumbali. Analipatula, n'kuliimika pakhoma.

Masana anakhala pasitepe yakuseri n'kutsegula kontena yake. Anadya pang'onopang'ono, akutafunira kumanja. Amene anatenga thirakitala uja anadutsa patali, n'kumukwezera dzanja. Mluzu anakwezanso lake, n'kupitiriza kudya.